Kabolodi Kamene Ndinaphika M'poto wa Chigumu

Amene anayamba kundiuza ndi achimwene anga, amalume ake a mwana wanga wamkazi, amene amayendetsa lole yonyamula tiyi kuchoka ku fakitale ya pa esiteti yathu kupita ku Limbe. Anandipeza ku sikelo masana, ndili pamzere ndi dengu kumsana, ndipo sanadikire kuti ndipimitse. Anandikokera pansi pa bulugama nandiuza kuti anadzera ku sukulu ya ukachenjede kukamusiyira mwana wanga nthochi ndi mapeyala zimene ndinawapatsira, koma anamupeza atawonda, maso atalowa m'kati. Anzake onse aonetsa ntchito zawo zomalizira maphunziro, koma chipangizo chake iye chinakana kulankhula pamaso pa aphunzitsi.

"Achemwali, akabwera musakamufunse zambiri," anatero. "Ine ndamufunsa mpaka ndamuliza, ndipo palibe chimene ndatolapo."

Ndinabwerera pamzere paja. Akapitawo anapachika dengu langa, natchula kulemera kwake, ine osamva n'komwe.

Ine sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo moyo wanga wonse ndautha ndikuthyola tiyi. Sindichita nazo manyazi, chifukwa tiyi yemweyu ndiye walera ana anga. Koma mtsikana wanga woyambayu Mulungu anamupatsa mutu wina. Ali wamng'ono ankamasula wailesi ya bambo ake ndi mpeni wa kukhitchini, bambo akewo m'malo momukalipira ankangoti abwezere mmene anaipezera mpira usanayambe. Bambowo ankagwira ntchito ku fakitale, mbali yofotetsera masamba. Ankayenda bedi ndi bedi, pamene amayalapo tiyi, kufinya masamba m'manja kuti adziwe ngati afota mokwanira, ndipo pobwera kunyumba manja awo ankanunkhira tiyi wamuwisi. Anatisiya mwanayu ali ku sekondale. Atasankhidwa kupita ku koleji kukaphunzira za magetsi, panapezeka anthu akufuna kwabwino amene anamunyamula, Mulungu awadalitse kumene ali. Koma anatiuziratu kuti thandizo lawo likuthera chaka chomaliza, popeza pambuyo pake pali ana ena amene akudikira. Tsono nkhani ya achimwene ija tanthauzo lake linali lakuti chipangizocho chikapanda kulankhula, mwana wanga abwera kuno wopanda pepala, ndipo chomwe ndingamupatse ine ndi dengu.

Ntchito yake yomalizirayo anaiganiza chifukwa cha bambo ake. Anapanga kachipangizo koika pa bedi lofotetsera, kamene kazimva chinyezi cha masamba n'kutumiza uthenga ku ofesi popanda waya. Pa tchuthi chapitacho anandijambulira pansi ndi kamtengo, akusekerera, akuti amama, manja a adadi ndiwaika m'kabokosi.

Anafika Loweruka ndi minibasi ya ku Thekerani, atakumbatira kabokosi ka pulasitiki konga kotengera chakudya. Ndinamulandira monga mwa nthawi zonse, ndinamutenthetsera madzi osamba, ndinamuphikira nandolo amene amakonda. Anangolawa. Masiku oyambawo ankakhala pakhonde kuyang'ana mizere ya tiyi mpaka kumene ikuthera kuphiri, kabokosi kaja kali pamiyendo. Anthu a m'malayini muno akamadutsa ankamupatsa moni kuti aenjiniya mwaswera bwanji, iye n'kuyankha ndi mawu ang'onoang'ono. Ine ndinasunga malangizo a achimwene, sindinafunse. Ndinkangopita kuseri kwa nyumba kukalankhula ndi Mulungu, ndipo Chichewa chikandithera ndinkapitiriza m'Chilomwe cha amayi anga, kuti Muluku, mwana uyu ndi wanu.

Anayamba yekha kulankhula tsiku lina madzulo dzuwa lisanalowe, tikusenda nandolo. Anatsegula kabokosi kaja nandipatsa kabolodi kamodzi kuti ndigwire. Kanali kobiriwira, kosalala, kukula kwake ngati chikhatho cha mwana, ndipo pamwamba pake panali timizere ta mkuwa ndi kachigamba kamodzi kamakona anayi. Anati kachigambako ndiye eriyo yake, mmene kachipangizo kamalankhulira. M'kabokosimo munalinso timapaketi tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano, akuti n'toyamwa chinyezi.

Ndinamuuza kuti koma ndi kokongola, palibe pamene pathyoka. Anati vuto lake ndi lomwelo, kuti palibe chathyoka.

Ndilemba mmene ndinamvera, ndipo ophunzira mundikhululukire pamene ndaphonya. Chobiriwiracho ndi nsalu yolukidwa ndi ulusi wa galasi, yoviikidwa mu guluu n'kuumitsidwa. Magetsi sadutsamo, amadutsa mu mkuwa. Koma ngakhale sadutsamo, chobiriwiracho sichingokhala chete: chimakoka uthenga umene ukuthamanga mu mkuwa, n'kuuchedwetsa, monga mmene njira yomweyo ya ku sikelo imatalikira mvula ikagwa chifukwa matope akugwira mapazi. Ndiye pali nambala imene imanena kuti nsalu imeneyi imakoka motani. Munthu wojambula eriyo amayamba waidziwa nambalayo, kenako n'kudula utali wa kachigamba ka mkuwa molingana nayo. Nambala ikaphonya, eriyo imalankhulabe, koma imalankhulira pambali, ngati wailesi imene mwaipotoza kupitirira pang'ono siteshoni.

Ndinamufunsa kuti nanga nambalayo anaitenga kuti. Anati pa pepala la ogulitsa. Anandionetsa pa foni mapepala angapo a nsalu ya dzina limodzi lomwelo. Pa mapepala onsewo nambalayo inkayamba ndi folo, koma kuseri kwa kadontho aliyense analemba zake, wina zochepa, wina zambiri. Iye anatenga yaikuluko, imene inali pa pepala la kumene anaodako, nadula mkuwa wake waufupi molingana nayo. Mabolodiwo amapangidwa kunja kwa dziko lino, ndipo anafika mochedwa, tsiku loonetsa litayandikira. Atayesa anapeza kuti eriyo yafupika.

"Ndiye wabodza ndani pamenepa?" ndinafunsa.

"Palibe wabodza, amama. Chikundipweteka n'chomwecho."

Anati aliyense anayeza ndithu, koma anayeza mosiyana. Wina amapana nsaluyo pakati pa zitsulo, ndipo kampweya kakatsalira pakatipo nambala imatsika. Wina amayeza chodutsa, wina chopingasa. Nsalu ina ulusi umachuluka, ina guluu ndiye amachuluka, chikhalirecho dzina ndi limodzi. Nsaluyo imamwanso chinyezi pang'onopang'ono ikakhalitsa. Pamenepo ndinamvako pang'ono, chifukwa ifenso masamba omwewo, dengu lomwelo, mvula ikawagwera akapitawo amachotsako za madzi, ndipo kachotsedwe kake kamasiyana dzanja ndi dzanja. Ndinamuuza zimenezi. Anandiyang'ana nati eya, zili ngati choncho, kungoti ife timakhala ndi munthu womudandaulira pa sikelo, pamene iye alibe.

Achimwene atabwera Lamulungu anaimva nkhaniyo kachiwiri ndipo sanakhutire. Iwo monga mwini mbumba ankafuna munthu woti amugwire pakhosi. Anati mwanayo awalembere kumene amakhala ogulitsawo, apita ndi lole. Mwanayo anati amalume, mafuta akutherani musanafike ndi pa Zobue pomwe. Iwo anati ndiye anthu ophunzira ndinu ovuta, chitsulo cha lole chikalembedwa saizi imakhala yomweyo kaya ku Limbe kaya ku Joni. Anachoka akupukusa mutu, koma pachipata anandinong'oneza kuti ndizimudyetsa, zinazo azisiyira Mulungu.

Aphunzitsi ake, ndiyamike, sanamutaye. Anamuuza kuti mafotokozedwe ake ndi omveka, koma lamulo likufuna chipangizo chogwira ntchito. Anamupatsa mwayi umodzi woti akaonetsenso pamene obwereza mayeso azikalemba. Mmodzi mwa iwo anamubwereka kachida koyezera, kofanana ndi foni yaing'ono, kamene kamajambula mzere wokhala ndi chigwa chimodzi. Pagalasipo pali chizindikiro pamene chigwacho chiyenera kukhala. Cha mwana wanga chinkakhala kumanja kwa chizindikirocho, osati patali, mwina m'lifupi mwa chala changa chaching'ono. Ndinkati ndikachiyang'ana, mtima unkandiwawa kuti zaka zonse zija zikuthera pa kampata kameneka.

Lachinayi amayi anzanga a mapemphero anabwera kwathu m'malo mokumana kutchalitchi, chifukwa anamva kuti mwana wadwala maganizo. Anadzaza pakhonde ndi pabwalo, tinaimba, ndipo amayi a tcheya anawerenga mawu. Amayi amenewa ndi achikulire, anandigwira dzanja pa maliro a bambo a ana, ndipo mwana wangayu anamunyamulapo kumsana. Titatha kupempherera mwanayo anati tsopano tibweretse chinthu chovutacho pakati. Kwathu kuno munthu akagula njinga kapena mashini osokera, amayiwa amawaza madzi opemphereredwa, ndipo botolo lake anali atabwera nalo m'chikwama. Mwanayo anabweretsa kabokosi mwaulemu, nagwada, koma ataona botolo likutsegulidwa anakakumbatira pachifuwa.

"Agogo, pepani, madzi ayi. Kamamwa."

"Kamamwa? Nanga ndi mbuzi?"

Amayi ena anaseka, ena anayang'ana pansi. Mbali ina ndinkaona amayi a tcheya atagwira botolo m'mwamba pamaso pa gulu lonse, mbali ina mwana wanga atagwada. Sindinadziwe woti ndimuthandize. Amayi a tcheyawo anatseka botolo lija bwinobwino. Anati Mulungu sanauzepo munthu kuti mphamvu yake ili m'botolo. Anauza mwanayo kuti atseke kabokosiko, ndipo tonse tinasanjika manja pa chivindikiro, manja athu okhakhala ndi tiyi, wina pamwamba pa mnzake, mpaka pulasitikiyo osaoneka. Pochoka amayi a tcheya anawaza madziwo pamutu pa mwanayo, nati iweyo sumwa, eti.

Mawa lake mwanayo anadzuka ndi maganizo. Anati sakudziwa ngati chaphonyetsa ndi nambala ya papepala kapena chinyezi, popeza mabolodi anayenda ulendo wautali ndipo kuno chiperoni chinali chitatseka kwa masiku. Asanaode ena ayenera kudziwa. Kusukulu akanaika kabolodi mu uvuni wake wapadera kuti kaume n'kuyezanso. Anandifunsa ngati ndingathe kuwotcha chinthu pamoto wochepa kwa nthawi yaitali osachipsereza.

Abale anga, sindinakondwepo chotero m'mwezi wonsewo. Chinali chinthu choyamba chimene anandipempha chimene manja anga amachidziwa. Ine chigumu ndimaphika chogulitsa pa tsiku la malipiro, makala pansi makala pamwamba, ndipo sichinandipsererepo. Ndinapita kumtsinje kukatapa mchenga, ndinausefa, ndinaukazinga kaye kuti uume. Ndinauyala m'poto wanga wamkulu, pamwamba pake ndinaika mbale yachitsulo, ndipo mwanayo anagonekamo kabolodi kamodzi kopanda tizitsulo tina. Anati kutentha kwake kukhale kongopitirira pang'ono madzi owira. Ndinachepetsa makala pa mbaula mpaka otsalawo anavala phulusa, ena ochepa ndinaika pa chivindikiro. Tsiku limenelo sindinapite kumunda. Ndinatuma uthenga kwa akapitawo kuti kwathu kuli odwala, ndipo silinali bodza.

Ndinakhala pa mbaula paja kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka. Khala likazima ndinkaikapo lina. Ndinkayandikitsa kuseri kwa dzanja pa poto monga ndimachitira ndi chigumu, ndikuimba chamumtima nyimbo ya pa Lachinayi ija. Mayi wa nyumba yoyandikana nafe anasuzumira nafunsa kuti chigumu chanji chosanunkhira. Ndinati n'cha aenjiniya, chimadyedwa ndi maso. Mumtima mwanga ndinali nditamaliza kale nkhani yonse. Ndinkaona chigwa chija chikutsetsereka n'kukakhala pa chizindikiro, ndinkaona mwana wanga atavala gauni, ndinkaonanso mmene ndidzaimirire kutchalitchi kupereka umboni wa poto wanga.

Titatulutsa kabolodi kaja kanali bwinobwino, kosapindika, mtundu wake womwe uja. Anakaika m'kabokosi ndi timapaketi tija kuti kazizire, kenako anakalumikiza ku kachida koyezera. Tinaweramira pagalasi tonse awiri. Chigwa chinasuntha ndithu, pang'ono ngati m'lifupi mwa chikhadabo. Koma chinasunthira kumanja, kutalikira chizindikiro.

Ndinafunsa ngati ndapsereza. Anati ayi, ndaphika bwino kuposa uvuni wa kusukulu. Anati chinyezi chimakweza nambala ija, ndipo popeza eriyo yake ndi yaifupi, chinyezicho chinkamuthandizako pang'ono, ine ndachichotsa. Tsono wadziwa kuti vuto si madzi. Anabwereranso ku pepala la ogulitsa lija nandionetsa timalemba tating'ono pansi pa nambala. Anati iwo anayeza ndi magetsi ogwedezeka pang'onopang'ono, pamene eriyo yake imagwedezeka mofulumira kwambiri, ndipo nsalu imeneyi ukaifulumizitsa nambala yake imatsika. Ankaganizira kale zimenezi, koma tsopano watsimikiza.

Ankalankhula ngati munthu amene wapeza kanthu, akulemba msangamsanga. Ine ndinangomva chimodzi, kuti tsiku lonse ndakhala pamoto ndikukankhira mwana wanga kutali. Ndinanyamula poto kukataya mchenga kuseri, ndipo kumeneko ndinalira kulira kumene ndinakubisa chifikire iye.

Anandipeza komweko. Anandigwira paphewa nati amama, mwandithandiza, simukuona? Ndinati ndiye bwenzi titawalola amayi a tcheya awaze madzi awo. Anaseka. Kanali koyamba kumumva akuseka chibwerere, ndipo anaseka mpaka anakhala pa mchenga wotentha uja n'kudzambatuka. Anati madzi a pamwamba akanangosokoneza zonse, koma akawauza agogo kuti pa anthu tonse iwo ndiwo analoza mbali yolondola.

Ndinaganiza kuti basi, poti wadziwa, nkhani yatha. Si mmene zilili. Mkuwa ukafupika suwonjezereka bwinobwino moti aphunzitsi n'kuvomereza, ayenera kujambula eriyo yatsopano ndi kuodanso mabolodi. Nambala tsopano waipeza yekha poyeza mabolodi amene ali nawowa. Koma atawalembera ogulitsa kufunsa ngati atsopanowo adzadulidwe pa nsalu yomweyo, anamuyankha mwaulemu kuti pa oda yaing'ono ngati yake sangalonjeze. Amadula pa nsalu imene ilipo tsiku limenelo, ndipo ulusi ndi guluu zimasiyanako mtanda ndi mtanda. Ilipo nsalu ina yodalirika imene nambala yake siyendayenda, koma imeneyo si ya ana a anthu othyola tiyi. Chimene wachita n'chakuti pa bolodi limodzi wajambulapo ma eriyo angapo, ina yaitaliko, ina yaifupiko, kuti mwina imodzi idzagwere pa chizindikiro. Ndinamufunsa ngati ali ndi chikhulupiriro kuti imodzi idzagwerapo. Anati mwina, amama. Mwana wangayu sanama, ndipo nthawi zina ndimalakalaka akanandinamiza.

Pamene ndikulemba pano mabolodiwo akuti anyamuka, koma ali pati sitikudziwa. Tsiku loonetsa likuyandikira, ndipo akachedwa ngati oyamba aja sipadzakhala nthawi yokonza kanthu. Achimwene ulendo uliwonse wa ku Limbe amadzera kumene katundu wakunja amafikira kukafunsa, mpaka anthu a kumeneko awazolowera. Mwanayo wayambako kudya. M'mawa wina chiperoni chitatseka anandiperekeza kumunda atanyamula dengu langa, ndipo titafika pamzere anayamba kuthyola nsonga, masamba awiri ndi kamphukira, monga ndinamuphunzitsira ali wamng'ono. Zala zake sizinaiwale. Ndinamulanda dengulo n'kumuuza kuti abwerere kunyumba akawerenge. Anati amangofuna kundithandiza. Ndinati ndikudziwa, koma apite.

Kabolodi kamene ndinaphika kaja anandipatsa kuti ndisunge, ndipo ndinakaika pawindo pafupi ndi Baibulo. Akuti m'nyengo ino kayambanso kumwa chinyezi pang'onopang'ono, ndipo tikakayeza chigwa chidzakhala chitabwerera pamene chinali. Ine ndikakayang'ana sindiona kusintha kulikonse. Zinthu zimene zagwira moyo wa mwana wanga n'zosaoneka ndi maso, zili m'kati mwa nsalu imene wina adzaitole pa shelefu kudziko kumene sindidzafikako, ndipo munthu ameneyo sadziwa kuti kuno kuli ife. Ndimamupempherera iyenso, kuti dzanja lake lidzagwe pa nsalu yoyenera.

Ndikuthokoza Mulungu pa aphunzitsi amene anamupatsa mwayi wina, pa amayi anzanga, pa achimwene, ndi pa anthu amene anamuphunzitsa mpaka apa osatidziwa n'komwe. Inu amene mwawerenga, kaya mumadziwa za manambala amenewa kaya muli ngati ine, mukamagwada mutikumbukireko ife a m'malayini a ku Thyolo, ine ndi ana anga. Mutchuleni mtsikana wangayu, ngakhale dzina simukulidziwa, kuti katundu wake afike nthawi ilipo, ndipo pa ma eriyo amene wajambulawo, ngakhale imodzi yokha ilankhule.